Masenti 35 pa galoni: mmene anabera msonkho wa wisiki m'nthawi ya Pulezidenti Grant

Pa 13 Disembala 1874, telegalamu inachoka ku Washington kupita ku mzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo inali ndi ziganizo zitatu zokha: "Zatheka. Sapitanso. Ndikulemberani kalata." Pansi pake panasainidwa dzina lakuti Sylph, limene silinali la munthu aliyense wodziwika m'boma. Wolandira anali a John McDonald, mkulu woyang'anira ntchito yotolera misonkho m'dera lonselo, ndipo amene ankanenedwa kuti sapitansowo anali ofufuza amene likulu linakonza zowatumiza kukaunika mabuku a makampani otcheza mowa. Patapita miyezi ingapo, apolisi a nthambi ya zachuma atafukula mapepala a ku maofesi a telegalamu, anapeza kuti dzanja limene linalemba uthengawo linali la a Orville Babcock, mlembi wa Pulezidenti Ulysses S. Grant, munthu amene ankatsegula makalata a mtsogoleri wa dziko ndi kuona kuti ndani alowe kukaonana naye.

Nkhani imeneyi imadziwika ndi dzina lakuti Whiskey Ring, ndipo liwu lakuti ring pa nthawiyo linkatanthauza kagulu ka anthu ogwirizana mseri kuti azidya za boma. Ndaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse ndimakathera pa telegalamu yomweyi. Kuba kwenikweniko kunalibe luso lodabwitsa, moti munthu aliyense wodziwa kuphatikiza ndi kuchotsera akanatha kukutulukira m'masabata ochepa. Chimene chinakusunga kwa zaka zinayi chinali kutsinana khutu. Otcheza mowa akamapereka ziphuphu, chachikulu chimene ankagula chinali chitsimikizo chakuti wofufuza asananyamuke ku Washington, iwo adzakhala atamva kale.

Kuti tione kukula kwa mphika umene ankapakulamo, tiyambe ndi msonkhowo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, boma linasowa ndalama, ndipo mu 1862 linaika msonkho wa masenti 20 pa galoni iliyonse ya mowa wotcheza. Galoni ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8. Msonkhowo unakwera mofulumira mpaka kufika madola 2 pa galoni mu 1865, kuposa kutalitali ndalama zimene zinkafunika kuti mowawo upangidwe. Zotsatira zake zinali zoseketsa komanso zomvetsa chisoni, chifukwa m'misika wisiki ankagulitsidwa poyera pamtengo wotsika kuposa msonkho wake, chinthu chimene sichingatheke ngati msonkho unalipiridwadi. Mu 1868 aphungu anautsitsa kufika pa masenti 50, ndipo ndalama zolowa m'thumba la boma zinawirikiza kuposa kawiri. Mu 1872 unakwezedwanso kufika pa masenti 70, chaka chomwe msonkho wa pa malipiro a anthu unathetsedwa, kotero kuti mowa ndi fodya ndiwo anatsala akusenza gawo lalikulu la misonkho ya m'dzikomo.

Malamulo ake, powawerenga papepala, anali okhwima kwambiri. Pa fakitale iliyonse yotcheza mowa pankakhala wantchito wa boma wosunga makiyi a nyumba yosungiramo mowa, amene ankalemba m'buku chimanga ndi mbewu zina zonse zolowa. Pankabweranso woyeza, amene ankayeza kuchuluka kwa mowa mumgolo uliwonse ndi ukali wake, kenaka pamgolopo pankamatidwa sitampa ya manambala yosonyeza kuti msonkho walipiridwa. Mgolo ukakhuthulidwa kwa amalonda osakaniza ndi kuthira mowa m'migolo ina, sitampayo inkayenera kuwonongedwa. Pamwamba pa antchito amenewa panali wotolera msonkho wa m'dera, pamwamba pake woyang'anira wamkulu, ndipo onsewa ankayankha ku ofesi ya misonkho ku Washington. Koma munthu aliyense pa makwerero amenewa anapeza ntchito chifukwa cha chipani, ndipo ankadziwa kuti amene anamuikapo angathenso kumuchotsa mawa lomwe.

Tiyerekeze mgolo umodzi wa magaloni 40. Msonkho wake unali madola 28. M'malo mopereka ndalama zimenezo ku boma, mwini fakitale ankapereka theka, masenti 35 pa galoni, kutanthauza madola 14, kwa wosonkhetsa wa kagulu kaja, ndipo madola 14 otsalawo ankakhala phindu lake. Wosunga makiyi ankayang'ana kumbali pamene makina akutcheza usiku, woyeza ankalemba magaloni ochepa kuposa amene anali mumgolo, ndipo masitampa amene anayenera kung'ambidwa ankamatulidwa bwinobwino n'kubwezedwa kufakitale kuti akamatidwenso pa migolo ina. Mowa woterewu ankautcha wisiki wokhota. Mboni zinadzafotokoza m'khoti kuti ndalamazo zinkasonkhetsedwa sabata ndi sabata n'kugawidwa m'magawo pakati pa akuluakulu. Mwini fakitale wofuna kuchita zolungama analibe pothawira, popeza anzake ankagulitsa motchipa kuposa iye, ndipo akaumirira kukana, antchito a boma omwewo ankamupezera kamlandu kakang'ono pa malamulo ambirimbiri a msonkho n'kumuopseza kuti amutsekera fakitale. Pamenepa ndimalephera kuwaweruza mofanana onse amene anagwidwa, chifukwa ena analowamo mpeni uli pakhosi.

Chiyambi chake ku St. Louis chinali ndale. Mu 1870 chipani cha Republican, chomwe chinali chipani cha a Grant, chinagawanika ku Missouri, ndipo gulu lotsutsana ndi a Grant, lotsogozedwa ndi a Carl Schurz ndi a B. Gratz Brown, linapambana mpando wa bwanamkubwa. A McDonald, amene anamenya nawo nkhondo kumbali ya boma ndipo ankadziwana ndi a Grant, anayamba kusonkhetsa ndalama kwa otcheza mowa ponena kuti n'zolimbitsira chipani ndi nyuzipepala zoikira kumbuyo Pulezidenti. Anzawo apamtima pa ntchitoyi anali a John Joyce, wantchito wa ofesi ya misonkho, ndi a William McKee, mwini nyuzipepala, ndipo ku Washington anali ndi a William Avery, amene anadzafika pokhala kalaliki wamkulu wa unduna wa zachuma. Chisankho cha 1872 chinadutsa, a Grant anagonjetsa a Horace Greeley mosavuta, koma kusonkhetsa sikunaleke. Chifukwa chimene anayambira chinali chitatha, chizolowezi chokha chinatsala, ndipo magulu ofanana nalo anali atamera ku Chicago, Milwaukee ndi mizinda ina.

Mu Juni 1874 a Grant anasankha a Benjamin Bristow, loya wa ku Kentucky, kukhala nduna ya zachuma, m'malo mwa a William Richardson amene anachoka chifukwa cha nkhani ina ya misonkho. A Bristow sanachedwe kuona kuti ofufuza aliyense wotumidwa ku St. Louis ankapeza mabuku ali m'malo mwake ndi migolo yonse ili ndi masitampa, ngati kuti eni ake anachezera usiku wonse akukonzekera alendo. Nthawi zina ulendowo unkalephereka usanayambe, monga zinachitikira mu Disembala uja. Kumayambiriro kwa 1875 anayesa njira ina, yosamutsa oyang'anira akuluakulu onse kuti asinthane madera, ndipo a McDonald anayenera kupita ku Philadelphia. Lamulolo lisanayambe kugwira ntchito, a Grant analiimitsa. Iwo anadzafotokoza kuti anauzidwa kuti kusamutsa anthu molengeza kukanangopatsa olakwa mpata wobisa umboni, mfundo imene payokha si yopusa. Koma ku St. Louis anthu anamva uthenga wina, wakuti a McDonald ali ndi msana wolimba ku White House, nyumba ya Pulezidenti, kuposa nduna yomwe.

Gawo lotsatirali ndi limene ndimalikonda m'nkhani yonseyi. A George Fishback, mwini nyuzipepala ya St. Louis Democrat, anatumiza mawu kwa a Bristow kuti akudziwa munthu amene angaulule zonse, bola asadziwe aliyense wa ku ofesi ya misonkho. Ndinene pano kuti a Fishback anali atagwirapo ntchito limodzi ndi a McKee asanapatukane n'kukhala opikisana pa malonda a nyuzipepala, choncho sindinganene kuti chinawatuma chinali chikondi cha dziko chokha. Munthu amene anamutchulayo anali a Myron Colony, mtolankhani wa zamalonda, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kuyendayenda m'maofesi a sitima zapamtunda ndi zapamadzi kulemba katundu wolowa ndi wotuluka mumzinda. Palibe amene akanadabwa kumuona akukopera manambala m'mabuku a katundu, chifukwa ankatero chaka chonse.

A Colony ndi anyamata awo analemba chimanga chonse chopita ku fakitale iliyonse, analemba migolo yonse yotuluka ndi kumene inkapita, ndipo anaika alonda oti aziona mafakitale amene akutcheza usiku. Ena mwa alondawo atadziwika anamenyedwa, koma ntchito inali itapita kale patali. Chimanga chakutichakuti chimatulutsa mowa wakutiwakuti, ndipo zimenezi wotcheza aliyense amazidziwa. Atayerekeza mowa umene unayenera kutuluka, mowa umene unakwezedwadi m'sitima, ndi mowa umene unalembedwa m'mabuku a msonkho, manambala atatuwo anakana kugwirizana. Umboni wonsewu unali poyera kuyambira kale, m'mabuku a makampani onyamula katundu amene analibe chifukwa chonamira. A Bristow ndi loya wa undunawo, a Bluford Wilson, chimene anawonjezapo chinali chinsinsi basi. Mauthenga awo ankalembedwa m'zizindikiro zatsopano zimene akalaliki a unduna sankazidziwa, ndipo ofufuza ena anatumizidwa kumizinda ina atauza anzawo kuti akupita kukaona nkhani zosakhudzana ndi mowa.

Pa 10 Meyi 1875 antchito a boma anatulukira nthawi imodzi ku St. Louis, Chicago ndi Milwaukee, n'kulanda mafakitale 16 otcheza mowa ndi nyumba zina zochuluka chimodzimodzi zosakaniziramo mowa, pamodzi ndi mabuku ndi makalata amene eni ake sanathe kuwatentha. Kwa nthawi yoyamba palibe amene anatsinidwa khutu mokwanira. Pamapeto pa zonse anthu 238 anaimbidwa milandu, 110 anapezeka olakwa, ndipo boma linabweza m'thumba lake madola oposa 3 miliyoni.

Poyamba a Grant anaoneka kuti ali kumbali ya nduna yawo. Pa 29 Julayi 1875 analemba kumbuyo kwa kalata ina yochokera ku St. Louis mawu amene anafala m'nyuzipepala zonse, akuti wolakwa aliyense asapulumuke ngati pali njira yopewera zimenezo, ndipo anawonjeza kuti ofufuza akhale tcheru makamaka ndi anthu onena kuti ali ndi akuluakulu owateteza. Ndikukhulupirira kuti polemba mawuwa ankanena zochokera pansi pa mtima. Vuto linali lakuti sankaganiza kuti mkulu wotetezayo angapezeke m'nyumba mwawo momwe.

Kuti timvetse zimene a Grant anachita pambuyo pake, tiyenera kudziwa kuti a Babcock anali ndani kwa iwo. Anali injiniya wa asilikali, wophunzira ku sukulu ya usilikali ya West Point, amene anakhala pambali pa a Grant m'chaka chomaliza cha nkhondo yapachiweniweni ija, pamene a Grant anali mkulu wa asilikali onse a boma. Pa 9 Epulo 1865, ndi a Babcock amene ananyamula kalata ya a Grant kupita nayo kwa a Robert E. Lee, mkulu wa asilikali oukira boma, n'kuwaperekeza ku nyumba ya ku Appomattox kumene a Lee anakagonjera. A Grant anali munthu wosataya mnzake wa kunkhondo, ndipo m'zaka zimene ankanyozedwa kuti ndi chidakwa komanso wopha asilikali ake mosasamala, anaphunzira kuona aliyense woneneza anthu awo ngati mdani amene akulasa iwo podzera mwa ena. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo a Babcock ankadziwa bwino mtengo wa malo amene anakhalapo. A McDonald anadzanena kuti ankawatumizira mphatso, kuphatikizapo kabatani ka malaya ka dayamondi ndi ndalama zobisa m'bokosi la ndudu, ndiponso kuti Sylph linali dzina losereula la mayi wina wa ku St. Louis amene a Babcock ankacheza naye. Zimenezi anazilemba m'buku lawo la 1880, Secrets of the Great Whiskey Ring, atatuluka m'ndende ali ndi mkwiyo, choncho ndimaziwerenga mosamala. Telegalamu ija yokha ndiyo sifuna kuti tikhulupirire a McDonald, ndipo a Babcock sanakane kuti anailemba, anangoti inkanena za nkhani ina.

Kuyambira pamene dzina la mlembi wawo linatchulidwa, a Grant anasintha, ndipo zimene anachita zikaikidwa pamodzi zimalemera. A Babcock anapempha kuti nkhani yawo iunikidwe ndi bwalo la asilikali, a Grant anavomera, ndipo anasankhidwa akuluakulu atatu a nkhondo, a Sheridan, a Hancock ndi a Terry, kuti akakhale ku Chicago. Loya wa boma ku St. Louis, a David Dyer, anakana kutumiza umboni wawo ku bwalolo, ndipo pa 9 Disembala 1875 a Babcock anaimbidwa mlandu m'khoti wamba. Tsiku lotsatira a John Henderson, loya wapadera amene ankatsogolera milanduyi, anachotsedwa ntchito chifukwa pa mlandu wa a Avery anafunsa poyera kuti Pulezidenti ali ndi ufulu wanji wolowerera ntchito ya nduna ya zachuma, ponena za kuimitsidwa kwa lamulo losamutsa anthu lija. A Henderson anali ndi mbiri yosagwirizana ndi a Grant, ndipo mwina analankhula mopyola muyeso, koma kuchotsa munthu wodziwa mlandu wonse pamene mlandu waukulu ukuyandikira kunathandiza mbali imodzi yokha. M'malo mwawo munalowa a James Broadhead, loya waluso amene anayenera kuyamba kuphunzira mapepala onse m'masabata ochepa.

Chinthu chachiwiri chinapweteka kwambiri. Milandu ya katangale wotere imayenda chifukwa cha ang'onoang'ono amene amavomera kuulula akuluakulu atalonjezedwa kuti iwo awachitira chifundo. Mu Januwale 1876 nduna ya zamalamulo, a Edwards Pierrepont, inalembera maloya a boma kalata yoletsa malonjezo oterowo, ndipo kalatayo, imene inayenera kukhala yachinsinsi, inapezeka m'nyuzipepala itadzera kumbali ya a Babcock. Mboni iliyonse imene inkaganiza zolankhula inamva kuti kulankhula sikungaipulumutse. Apanso ntchito inagwiridwa ndi uthenga wofika msanga kwa amene sanayenere kuumva.

Mlandu wa a Babcock unayamba pa 8 Febuluwale 1876 pamaso pa woweruza John Dillon. A Grant anafuna kukwera sitima kupita ku St. Louis kukaima okha m'bokosi la mboni, koma nduna zawo zinawaletsa, ndipo anagwirizana zakuti apereke umboni wolumbira ali ku White House. Zimenezi zinachitika pa 12 Febuluwale pamaso pa mkulu wa oweruza onse m'dzikomo, a Morrison Waite. Pa mafunso ambiri okhudza matelegalamu ndi zimene anakambirana ndi mlembi wawo, a Grant anayankha kuti sakukumbukira, zimene zinadabwitsa anthu amene ankawadziwa kuti saiwalaiwala. Koma pa khalidwe la a Babcock sanazengereze: anati amawakhulupirira kotheratu, ndipo akanakhala kuti akuchita zachinyengo, iwo akanadziwa. Umboniwo unawerengedwa m'khoti. Taganizirani anthu wamba 12 a ku Missouri akumva kuti munthu amene anapambana nkhondo ndi kupulumutsa dziko walumbira kuti woimbidwa mlanduyo ndi wolungama. Pa 24 Febuluwale, atakambirana kwa maola awiri okha, anagamula kuti a Babcock alibe mlandu. Mwa akuluakulu onse amene anazengedwa ku St. Louis, ndi iwo okha amene anatuluka osalakwa.

Akatswiri ambiri a mbiri yakale amavomereza kuti palibe umboni wakuti a Grant analandirapo ndalama za kaguluka, ndipo inenso sindikuona chifukwa chowaganizira zimenezo. Munthu amene anadzabedwa chuma chake chonse ndi mnzake wa pa bizinesi mu 1884 akuoneka kuti vuto lake linali kukhulupirira anthu mopitirira, osati dyera. Koma kusadya nawo sikuwachotsera zonse. Akubawo sankafuna kuti Pulezidenti adye nawo. Chimene ankafuna chinali chakuti anthu azikhulupirira kuti dzanja lake lili pa iwo, ndipo pa mphambano iliyonse, poimitsa kusamutsidwa kwa a McDonald, pochotsa a Henderson, pa kalata ya a Pierrepont ndi pa umboni wolumbira uja, a Grant anatsimikizira chikhulupiriro chimenecho, ngakhale kuti nthawi iliyonse anali ndi chifukwa chimene kwa iwo chinkamveka chabwino.

A McDonald analamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu ndi kulipira madola 5,000, a McKee zaka ziwiri ndi madola 10,000, a Avery zaka ziwiri, ndipo a Joyce zaka zitatu ndi theka. A Grant asanatule pansi udindo mu Malichi 1877 anali atakhululukira a McKee, a Avery ndi a McDonald. A Bristow, amene Pulezidenti anayamba kuwaona ngati munthu wofuna kukwera pampando poponda mbiri ya anzake, anatula pansi unduna mu Juni 1876. Mwezi womwewo anapikisana nawo pa msonkhano wa chipani ku Cincinnati kuti aimire Republican pa chisankho, koma mwayi unagwera a Rutherford Hayes.

A Babcock anabwerera ku White House ngati kuti palibe chachitika, mpaka nduna yoona za maiko akunja, a Hamilton Fish, ndi ena anaumiriza a Grant kuti awachotse pa ulembi. Chaka chomwecho anaimbidwanso mlandu wina, wokhudza chiwembu chothyola bokosi lachitsulo losungiramo mapepala mu ofesi ya loya wa boma ku Washington, ndipo anapezekanso osalakwa. Usilikali sanawachotse, ndipo anapatsidwa ntchito ya uinjiniya yoyang'anira nsanja za nyali zounikira sitima zapamadzi usiku. Pa 2 Juni 1884 ankapita kukaona nsanja imene inkamangidwa pa Mosquito Inlet ku Florida, ndipo bwato laling'ono limene anakwera pochoka m'sitima kupita kumtunda linagubuduzika ndi mafunde. Anamira ali ndi zaka 48, ndipo anaikidwa m'manda a asilikali ku Arlington.